Nyenyezi Zisanu za Matenti Anga

Lolemba

Ndakwiya! Mlamu wanga Esnati, amene anandipangira webusaiti ya bizinesi, wandionetsa pa foni. Munthu akalemba "matenti Kafue" pofufuza pa intaneti, oyamba kutuluka ndi Ba Mweemba a ku Shimabala. Ba Mweemba! Matenti awo ndi zigamba zokhazokha. Ine amene ndabwereketsa matenti ndi mipando mu Nangongwe muno, m'tauni ya Kafue, zaka khumi ndi ziwiri ndili pa tsamba lachitatu, pansi pa munthu wogulitsa maneti a udzudzu.

Nkhani ndi iyi: Loweruka komiti ya ukwati wa mwana wa ba manejala a kampani yaikulu ya kuno ikusankha wa matenti. Ba cheya a komitiyo ndi a ku Lusaka, sadziwa munthu kuno, akuti adzangoona pa foni. Ukwati umenewu ndi wanga, afune asafune.

Esnati akuti njira yokwerera pamwamba ndi iyi:
- zithunzi zenizeni za matenti
- kulemba bwino komwe ndili ndi zomwe ndili nazo
- kupempha amene anabwerekapo kuti alembe ndemanga ndi kuika nyenyezi
- kudikira miyezi ingapo

Miyezi! Esnati sukulu anapita, koma bizinesi saidziwa.

Lachiwiri

Amene anabwerekapo kwa ine ambiri ndi a maliro. Ndipite kwa wamasiye kukafunsa kuti maliro a amuna anu munawaona bwanji, nyenyezi zingati? Iyayi. Ndinaleredwa ine.

Nzeru ikundibwerera ndikutsuka mipando. Kwaya ya kutchalitchi! Achinyamata makumi atatu, aliyense ndi foni yake, ndipo nsalu ya yunifomu yawo ndinagula ndine. Ndauza ba kwayamasta: mawa mukatha kuyeserera nyimbo, aliyense aike nyenyezi zisanu ndi mawu okoma. Vitumbuwa ndi maheu zili kwa ine.

Esnati akuti ndemanga zopeka makina amazigwira. Makina agwire ine? Mwana wa munthu amene anayendetsa sitima zaka makumi awiri?

Lachitatu

Zatheka! Ndemanga makumi atatu mu ola limodzi. Ndachoka pa tsamba lachitatu, ndili pa loyamba, wachiwiri kuchokera pamwamba. Ba Mweemba ndikuwapumira m'khosi.

Zimene alemba sindinawerenge, magalasi ndaiwala kunyumba. Koma nyenyezi ndaziona ndi maso anga, zachikasu, ndandanda. Ndavala chitenge chatsopano n'kudutsa dala pakati pa msika, chonsecho palibe chomwe ndikugula.

Lachinayi

Esnati wafika m'mawa, akuseka mpaka kugwira chitseko. Akundiwerengera:
- "Sindinabwerekepo tenti kwa mami awa, koma ndikulandira mwa chikhulupiriro kuti ndi yabwino. Ameni."
- "Matenti sindinawaone ndi maso, koma mumzimu ndi oyera."
- "Zikomo mami chifukwa cha vitumbuwa. Nyenyezi zisanu monga munanenera."
- "Ndikadzakwatiwa ndidzabwereka. Pakali pano mundipempherere mwamuna."

Zonse makumi atatu n'zotere. Mayo ine!

Ndathamangira kwa ba kwayamasta, patapata m'manja. Iwo ali phee, akumwetulira: "Mami, tinayamba tapemphera. Tinagwirizana kuti tikuthandizeni, koma osanama. Ndife obadwanso mwatsopano."

Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula kuti ana a masiku ano ndi abodza. Sabata ino yokha ndiye aona kuti n'njoyenera kulapa!

Komabe ndikadali pa tsamba loyamba. Anthu sawerenga, amangoona nyenyezi.

Lachisanu

Nyenyezi zapita. Zonse, psiti! Kwabwera uthenga woti ndemanga n'zokayikitsa: anthu makumi atatu, ola limodzi, malo amodzi. Esnati wafufuza mpaka chala kutopa. Wandipeza pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, komwe ngakhale wa maneti uja safikako.

Sananene kuti ndinakuuzani. Wangondithirira tiyi mwaulemu, ndipo zimenezi zandiwawa kuposa akananena.

Chabwino. Ndavala nsapato zoyendera, ndatsata njira ya Esnati ija. Nyumba zisanu ndi ziwiri za amene anabwerekadi, za maliro zomwe zija ndimakana. Paliponse kukhala pansi, kupepesanso, kufunsa za ana, nkhani ya foni kumapeto kwenikweni. Anayi akuti alibe mabando a intaneti. Awiri akuti mawa. Amayi Tembo, wamasiye wa panjira ya ku Chanyanya, angoti, "Ndamva."

Miyendo yatupa. Koma palibe amene wandithamangitsa, ndimalemekezedwa ine.

Loweruka

Komiti yasankha Ba Mweemba.

Choipa china: ba cheya anawerenga ndemanga za kwaya zija. Anaziona Lachinayi zisanafufutidwe, anazijambula, manje zikuzungulira m'mafoni a Kafue yense. Pamsika wa tomato akundiitana "Mami Chikhulupiriro". Kondakitala wa minibasi akuti ndikwere chabe, mpando ndiulandire mumzimu.

Ndadutsa mutu uli m'mwamba, chikwama pakhwapa, osayang'ana munthu. Kufika kunyumba ndalowa mosungira mipando, ndatseka chitseko, ndalira. Zandipweteka kwambiri. Ukwati uja ndinali nditaukonza kale m'mutu, mpaka maluwa a pakhomo.

Lamulungu

Kwaya yaimba bwino, tisaname. Nkhope zowala, aliyense akundigwira chanza ndi manja awiri ngati anandipulumutsa. Ndayankha ameni mano ali gwa.

Tikuweruka, Esnati akundipatsa foni mwakachetechete. Lero magalasi ndili nawo. Pali ndemanga imodzi yokha, ya Amayi Tembo. Nyenyezi zitatu.

"Pa maliro a amuna anga kunagwa mvula, tenti inadontha pakona. Mayi awa anaima pomwepo ndi beseni pamutu mpaka mwambo kutha, kuti madzi asagwere pabokosi."

Ndinali nditaiwala ine. Ndawerenga katatu, nditakhala pa benchi ya panja.

Zitatu chabe! Ndikadali pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, ukwati wapita. Esnati akufunsa ngati tiwapemphe amayiwo awonjezere ziwiri. Ndati ayi, zisiye momwemo. Tenti ija inadonthadi, mawa ndikupita nayo kwa telala.