Ululu Umene Ndinausiya pa Mlatho

Iwe wa malaya obiriwira, ndakuona ukuseka. Seka, koma ukafunse anthu a ku Chimadzi kuti ndani anathamanga mpaka ululu wake womwe kutsalira m'mbuyo uli wefuwefu. Akakuuza kuti ndi ine, Zakeyu wa ku Angónia, ndipo ngati ndikunama bondo ili lipindikire kumbuyo ngati la nkhuku.

Kuthamanga ndinakuyamba nditakula kale, mimba itayamba kundibisira zala za kumapazi, ndipo sipanapite nthawi bondo lakumanzere linayamba kulira ngati chitseko chakale. Mkazi wanga Felista anati, "Bambo a Rozita, mukadzabweranso mukutsimphina, sapato izi simudzazionanso, kuthamanga kuthere pomwepo." Mayi ameneyu sabwereza mawu. Ndinachita mantha zedi, chifukwa ine kundilanda msewu wa m'mawa ndiye kundiika m'manda ndili maso.

Tsono ine ndinabadwa wofuna kudziwa zinthu. Ululu umenewu umagona pati? Umadya chiyani? Ndinagula jelu, madzi oundana aja, n'kuika pabondo, koma kutentha kwa Tete mukukudziwa, jeluyo anasungunuka n'kuyamba kuwira mpaka Felista anathiramo masamba a tiyi. Komabe ululu unadzidzimuka, ndinaumva ukutsetsereka ndi mtsempha mpaka kukabisala kuchidendene. Ndamanga chidendene ndi mphira ya njinga, wathawira m'chiuno. Ndapaka m'chiuno mankhwala otentha, wabwerera pabondo, ulendo uno utatengana ndi mlamu wake. Mukumva? Apo ndinazindikira kuti chinthuchi chili ndi miyendo, ndipo chilichonse cha miyendo ine ndikhoza kuchisiya m'mbuyo.

M'mawa wina ndinanyamuka ululu usanasukusule, kudutsa mumzinda mwaulemu, koma nditaponda pamlatho wa Zambezi ndinatsegula liwiro loti malole ochokera ku Moatize ankagwedezeka ndi mphepo yanga, phula linkapindika kumbuyo kwanga ngati mphasa, chithunzithunzi changa chinalephera kunditsata n'kugwera m'madzi ng'ona n'kuchimeza, thukuta langa linadzaza mtsinje mpaka asodzi anamangirira mabwato kunthambi za mlambe, ndipo pakati penipeni pa mlathowo ndinangomva bondo lapepuka. Kucheuka, ndinauona ndi maso angawa! Kanthu kofiirira, kamsinkhu wa bilimankhwe, katagwira chitsulo cha mlatho, lilime lili panja.

Ku Matema, tsidya linalo la mtsinje, ndinafika ndili mnyamata. Ndinadumpha mipanda ya eni ake popanda chifukwa, agalu akundiyang'ana mwaulemu. Koma dzuwa litakwera ndinakumbukira kuti nyumba ndi mkazi zili kutsidya. Mukuti bwanji sindinazungulire pa mlatho wina, poti ku Tete kuno milatho ilipo iwiri? Ndinaganiza zimenezo, ndipo ndikanatero bwenzi lero mukuona fumbi langa lokha. Koma mtima unkangondifunsa kuti, kodi ululu ukasowa mwini wake umakhala bwanji?

Ndinabwerera monyang'ama. Ndinakapeza kali pomwe paja, kataonda, malole akukathira fumbi, anthu akukadutsa osakapatsa ndi moni yemwe. Kanayesa kukwera mwendo wa mayi wina wosenza nsomba, mayiyo anangokakutumula osacheuka. Kunena zoona ndinamva chisoni. Ndinati ndingokaonetsetsa kamodzi, ndidziwe kuti mano ake ndi otani, popeza zaka zonsezi kamandiluma ndisanawaone. Ndinawerama. Kuwerama kumeneko, abale anga, bondo linangoti khotcho, mwini nyumba walowa.

Kunyumba ndinafika pa tchova, ngolo yokankha ija, nditakhala pamwamba pa matumba a makala ngati mfumu. Felista sanakalipe. Anandivula sapato ndisanatsike n'komwe, n'kulowa nazo m'nyumba, ndipo kumene anaziika akudziwa ndi Mulungu.

N'chifukwa chake mumandipeza pamthunzi pano m'mawa uliwonse, nditavala patapata, ndikukuonererani mukudutsa, ndipo mtima umandiwawa kuposa bondo. Koma tandiuzani, inu othamanga ndi mawotchi pamkono, ndani mwa inu anaonapo nkhope ya ululu wake? Ine wangawu ndimaudziwa mpaka mano, ndipo nditafuna, ngakhale mawa, ngakhale popanda sapato, ndikhoza kukautayanso pamlatho paja. Kungoti ndi wamasiye, ulibe kwina kopita.

Iwe woseka uja, tabwera undigwire dzanja ndidzuke.