Sabata Yomwe Ndinalimbirana Chipinda ndi Nkhuku

Lolemba

Kwatsala masiku asanu. Loweruka akuluakulu a sosaiti yathu ya maliro akubwera kudzaona ngati ana akumva Chichewa chimene ndikuwaphunzitsa. Akakhutira, kachipinda ka sosaiti kuno ku Zengeza 3 ndi kathu mpaka chaka chithe. Akapanda kukhutira, kapita kwa a Saidi, amene akufuna kuikamo anapiye.

Wapampando, a Mbewe, sanabise: "Aphunzitsi, nkhuku kukula kwake kumaoneka ndi maso. Anawa tadikira miyezi itatu."

Ana khumi ndi anayi. Wamng'ono zaka zisanu ndi ziwiri, wamkulu khumi ndi chimodzi. Onse zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Maina a makolo ndi Banda, Phiri, Mwale, Yusufu. Pakamwa Chishona chokhachokha.

Sukulu ili pa holide, ndiye m'mawa uliwonse ndi wanga. Pulani, monga anatiphunzitsira ku koleji:

1. Nkhani yaifupi, mizere khumi ndi iwiri. Mtsikana akukwera basi kupita kumudzi.
2. Mawu atsopano khumi, pa makadi.
3. Mafunso asanu oyesa kumvetsa nkhani.
4. Osakalipa.

Kuwerenga akuwerenga, zilembo ndi zomwezo za kusukulu. Mawu akutuluka bwinobwino, kupuma pa mpumiro, zonse. Ndikufunsa: "Mtsikanayu akupita kuti?" Zii. Amina, wamkulu pa onse, akuyang'ana malata. "Handizivi, Medemu." Kuteroko akuti sakudziwa. Enawo akumutsatira mmodzimmodzi ngati akulandira mankhwala.

Miyezi itatu, "handizivi" yekhayekha.

Nambala 4 yafa isanakwane leveni koloko.

Lachiwiri

Tsiku la makadi. Mlatho, katundu, fumbi, kutsimphina, kusinza, ndi ena asanu. Ku koleji ankati mawu atsopano usamangowanena, uziwaonetsa. Ndabwera ndi chikwama kuti chikhale katundu. Fumbi silinafunike kunyamula, mphepo ya mwezi uno ikulowetsa yokha. Ndikutsimphina kuchoka pakhomo mpaka pa bolodi, mayi wa zaka makumi anayi, wa dipuloma. Ndikusinza pa mpando. Ndikugona chogwada pakati pa mabenchi awiri kuti ndikhale mlatho.

Ndikudzuka, ndikukweza khadi: "Ichi n'chiyani?"

Rudo, wamng'ono uja, akujambula nkhunda m'mphepete mwa kope. Ali nazo ziwiri kwawo, ndipo chilichonse chimene ndingamupatse chimabwerako chili ndi mapiko. Farai akuti, "Hatina kunzwa." Akuti sanamve.

Pakati pa zonsezi a Saidi alowa ndi tepi yoyezera. "Pitirizani, mayi, ine sindikusokoneza." Akuyeza windo. Akuyeza khoma. Akundipempha ndisunthe pang'ono kuti ayeze pamene ndaima.

Atangotuluka, foni. Mkulu wanga Esinati wa ku Unit N, dera lina la konkuno. Ndikumukhuthulira zonse pomwepo, pamaso pa ana, m'Chichewa, monga ankachitira amayi athu akafuna kuti tisamve. Ndanena zambiri. Chachikulu: kuti a Mbewe angandiweruze bwanji, munthu amene amadetsa imvi zake ndi polishi wa nsapato, ndipo akatuluka thukuta pamaliro kolala imachita kuda.

Esinati waseka mpaka kutsamwa. Ana ali phee, maso m'makope. Rudo pensulo yamugwera pansi pa benchi ndipo watenga nthawi yaitali kuifuna.

Mawu amene alowa lero: palibe.

Lachitatu

A Mbewe adutsa kudzationa. Ana aimirira mwaulemu, moni wa m'Chishona: "Mangwanani, sekuru." Iwo avula chipewa.

Maso makumi awiri ndi asanu ndi atatu, onse pamutu pawo. Kenako onse pamodzi atsikira pa kolala. Mapewa a Rudo ayamba kugwedezeka. Amina wamuponda phazi osatembenuka n'komwe.

A Mbewe sanaone kanthu. Ine ndaona zonse.

Atapita ndatembenukira ku bolodi, ndikulemba tsiku, ndipo ndikunena motsitsa mawu ngati ndikudzilankhulira: "Koma chinkhanira chija chalowa pansi pa benchi lachitatu, chichoka chokha?"

Benchi lachitatu lonse lakwera pamwamba. Lachitatu lokha! Loyamba ndi lachiwiri angotembenuka kuyang'ana, lachinayi asendera m'mbuyo pang'ono.

Ngati mphunzitsi, ndilembe zimene ndaona:
- chinkhanira akuchidziwa
- pansi ndi pamwamba akusiyanitsa
- kuwerenga mpaka zitatu akutha
- mawu onong'ona, munthu atawapatsa msana, akuwatola

Mayeso abwino kuposa onse amene ndinapangapo. Onse akhoza.

Ndakhala pansi. Iwo atsika pa benchi mmodzimmodzi. Ndawauza azipita ola lisanakwane.

Ndiye kuti za dzulo zija anamva zonse. Ndikuyesa kukumbukira kuti pambuyo pa polishi ndinanenanso chiyani, ndi za yani.

Lachinayi

Amina watsala ena atatuluka kukasewera. Watseka chitseko yekha. Waima manja kumbuyo ngati wabwera kudzafunsira mbeta.

Ndipo walankhula Chichewa. Chosalala, chokhala ndi "kodi" ndi "paja" m'malo mwake, chokoka mawu ngati cha agogo ake. Miyezi itatu ndakhala ndikumulozera chithunzi cha basi.

Nkhani yake ndi iyi. M'nyumba zawo Chishona ndi cha aliyense: kutumana, kudya, kuonera TV. Chichewa makolo amachitulutsa pakakhala zoti ana asamve. Ndiye mwana aliyense amachiphunzira msanga, ndipo amaphunziranso kuumitsa nkhope. M'Chichewa ndi mmene amadziwira:
- kumene abisa shuga
- amene ali ndi pakati, ndi amene akumuganizira
- amene ntchito yamuthera koma akuvalabe tayi m'mawa
- ngati chikwapu chili cha lero kapena chadikira bambo
- chimene auze mwininyumba akagogoda

"Tikayankha Loweruka, Medemu, basi asiya kulankhula tili pomwepo. Ife tizidziwira kuti?"

Ndamufunsa kuti nanga amabwereranji kuno. Akuti kunyumba akakhala amawatuma kukaima pamzere wa madzi ku chibhorani, mjigo wathu uja wa mzere wosatha. Kuno kuli mabenchi.

Ndamuuza kuti akapanda kuyankha, mabenchiwo apita. Ndamuuzanso kuti ndikhoza kungopita kwa a Mbewe lero lomwe, n'kuwafotokozera kuti anawa akumva zonse.

Wayang'ana pansi mwaulemu kwambiri. "Mukhoza, Medemu. Koma akatifunsa kuti tinamvapo chiyani, ife kunama kwa akulu sitingathe. Tiyambira pa polishi."

Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi.

Choipa n'chakuti ndikumumvetsa. Ine ndi Esinati tinachita zomwezo. Ndinadziwa kuti abambo ali ndi banja lina ku Kadoma zaka zinayi asanatiuze, ndipo tsiku lotiuzalo ndinadabwa bwino kwambiri moti amayi anandipatsa madzi. Ndinangoiwala. Munthu ukakula umaganiza kuti wochenjera unali wekha.

Nsima sinalowe lero.

Lachisanu

Pulani yatsopano. Sitiulula, komanso sitikhala chete. Ana aoneke ngati angoyamba kumene kumva: kokwanira kupulumutsa chipinda, kosakwanira kuopseza makolo.

Zaka zitatu ku koleji, palibe anatiphunzitsa kuyeza umbuli kuti ukwane ndendende.

Takambirana ngati pa msika. Ine ndati mayankho asanu. Amina wati limodzi. "Ukayankha za basi lero, mawa ayamba kukukayikira pa za mimba." Tagwirizana awiri. Funso loyamba, mtsikana akupita kuti: Farai ayankha "kumudzi". Lachiwiri, wakwera chiyani: Amina ayankha "basi". Otsalawo akwinye nkhope ngati akuganiza.

Kuyeserera:
- Farai akuyankha ndisanamalize funso. Achedweko.
- Tsopano akuchedwa kwambiri, akukanda m'mutu, akutuluka ndi malovu. Achepetse.
- Amina akunena "basi" ndi kamvekedwe kolakwika dala. Waluso mwanayu. Ndikuchita naye mantha.
- Rudo akufunsa ngati iye angaloledwe kulira pang'ono. Ayi.

Masana a Saidi abweretsa matumba atatu a utuchi, awaunjika pakhomo. "Ndangosungitsa, mayi. Musadandaule, mawa ndi mawa." Ana awalonjera m'Chishona ndi nkhope za angelo. Iwo atembenukira kwa ine, m'Chichewa, mokweza: "Awa ngakhale mutawatukwana angokuthokozani." Farai wamwetulira, n'kuwathokoza.

Ndasita diresi. Ndapukuta bolodi kawiri.

Loweruka

Adzaza. Azibambo pamipando kutsogolo, a zikofiya ndi a majekete a kutchalitchi, azimayi pamabenchi kumbuyo, ena pa windo. Ana pamzere kukhoma, atadzola mafuta mpaka kunyezimira. Kukutentha. A Mbewe avula chipewa ndipo ine ndikuyang'ana pansi.

Kuwerenga kwayenda bwino. Azimayi ena akupukuta maso. Ndikutenga pepala langa la mafunso.

A Mbewe akweza dzanja. Pa sosaiti wofunsa ndi wapampando, ngakhale pa nkhani ya bokosi la maliro. Ndinaiwala zimenezo. Pepala langa sakulifuna.

"Mtsikanayu wanyamula chiyani m'manja?"

Farai akanda m'mutu, achedwa bwinobwino monga tinapanganirana. "Kumudzi."

Wina waseka kumbuyo.

"Nanga pa mlatho paja anaona ndani?"

Amina, modekha: "Basi."

Mafunso ena atatu, zii katatu. Ana akukwinya nkhope mwaluso. A Saidi akuyang'ana windo lawo. Ndingathe kutsegula pakamwa pompano n'kunena zoona. Amina akundiyang'ana. Kenako akuyang'ana kolala ya a Mbewe, imene yayamba kale kusintha mtundu. Ndatseka pakamwa.

Ndi pamene amake Rudo atembenukira kwa mnzawo pa benchi, osatsitsa n'komwe mawu, poti azolowera: "Asiyeni awa, sakumva kanthu. Ine wangayo nkhunda zake zija tikudya mawa, alendo akubwera. Timuuza kuti zauluka."

Rudo wachoka pamzere.

"Amayi, musaphe nkhunda zanga. Tambala wanga uja munatinso wabedwa, chonsecho munadya ndi amalume ine ndili kusukulu. Ndinamva mukuuza adadi kuti anali wolimba."

Chichewa chosaphonya ndi pamodzi pomwe.

A Mbewe, pang'onopang'ono: "Winanso amene akumva ndani?"

Palibe dzanja lakwera. Koma ana khumi ndi atatu ayang'ana pansi nthawi imodzi, ndipo limenelo ndi yankho. Ndikuona nkhope za makolo zikubwerera m'mbuyo, aliyense akukumbukira zimene wanena m'khitchini, pabedi katani yokha itatchinga, mu kombi, minibasi zathu zija. Bambo wina wamasula tayi. Amake Amina agwira pakamwa.

"Zayamba liti zimenezi?" Akufunsa ndi amake Farai, ndipo akufunsa ine.

Ndikanena kuti zinayamba anawa ali kumsana, lero m'nyumba khumi ndi zinayi muli chikwapu, ndipo sichidikira bambo. Ana onse andiyang'ana.

"Ndi miyezi itatu yomweyi," ndatero. "Njira za ku koleji. Makadi."

Azimayi apuma, kenako akwiya. Miyezi itatu ndi yopiririka, munthu angakumbukire zimene ananena. Koma ndani anandituma kuthamanga chonchi? "Ife tinati aphunzire kupereka moni alendo akabwera kuchokera kumudzi, osati kumva chilichonse." "Tizilankhula chiyani tsopano m'nyumba?" Mayi wina akuti mphunzitsi wabwino amayamba wafunsa makolo.

Akuluakulu atuluka kukakambirana pa matumba a utuchi. Sanachedwe. A Mbewe andithokoza m'dzina la sosaiti chifukwa cha ntchito yapamwamba imene yaposa chiyembekezo. Poti ana aphunzira, sukulu yatha ntchito yake. Chipinda n'cha a Saidi.

Andiombera m'manja.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Kuli makolo asanu kumeneko amene sakundilankhula.

Ndakatenga bolodi ndi makadi. Utuchi wayalidwa kale, fungo lake labwino, ndivomereze. A Saidi andithandiza kunyamula mpaka pamsewu ndipo andilonjeza nkhuku imodzi zikakula.

Zimene zatsala:
- nkhunda zili moyo, alendo adya kabichi
- za polishi sizinatuluke
- zaka khumi ndi zisanu ndikuphunzitsa, koyamba kutamandidwa pagulu, pa ntchito imene sindinagwire, ndipo andichotsa nayo

Pobwerera ndadutsa pa chibhorani. Mzere wafika pa kona. Amina ali pakati ndi zigubu ziwiri, dzuwa lili pamutu. Wasiya zigubu, wabwera, walandira bolodi kuti andipumuze.

Akuti kwawo kuyambira dzulo madzulo Chichewa chatha. Amayi ndi agogo asamukira ku Chiyao. Wakhala akumvetsera m'mawa wonse, wangotolapo dzina lake kawiri, ndipo sakudziwa ngati ndi zabwino.

"Medemu, Chiyao simuphunzitsako?"

Amayi anga anali a ku Mangochi. Ndamuuza kuti sindichidziwa, ngakhale liwu limodzi.

Wandiyang'anitsitsa. Kenako wati nkhope ndaumitsa bwino, koma ndayankha msanga kwambiri.