Mpala wa pa ukwati wa Tisa

Chithunzi cha ukwati wa mwana wanga Tisa chili pakhoma kwa makolo a mwamuna wake ku Woodlands. Ndikapitako ndimasankha mpando wochifulatira.

Nditapuma pantchito ndinagula minibasi yakale n'kuzulamo mipando. Ndinaikamo bedi, kafiriji, mabatire awiri ndi sola padenga, kuti ine ndi amake Tisa tikamapita kumudzi ku Katete tizigona m'nyumba yathuyathu yoyenda (iwo amaitcha khola, koma zimenezo n'zawo). Chinatsala ndi inveta, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala magetsi a m'nyumba.

Neba wathu kuno ku Chelstone, ba Mwape, ndi wokonza zamagetsi, ndipo anandichenjeza bwinobwino. "Ba neba, ma inveta yali mitundu ibili. Ya pyuwa saini imapasa malaiti yosalala monga ya pa polo. Ya modifaidi malaiti yake ni yojumpajumpa. Babu izayaka, koma chilichonse chili na mota chizavutika."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinati magetsi ndi magetsi, anawalawapo ndani? Ku City Market ndinapeza ya modifaidi yofiira bwino, yolembedwa manambala akuluakulu pambali, ndipo mtima unagwera pomwepo.

Zizindikiro zinalipo, sindinama. Fani inkalira ngati njuchi, wailesi inkachita nthuuu pansi pa nyimbo, ndipo chaja ya foni inkatentha moti ukhoza kusitira kolala. Amake Tisa atadandaula ndinawauza kuti zipangizozo zikungozolowerana.

Tsono linafika Loweruka la ukwati. Tisa anali atandipempha chinthu chimodzi chokha: "Adadi, mumete bwino, musabwele na sanga kumutu." Tsitsi langa ndi lambiri, la imvi zokongola, ndipo ndimalinyadira. Mmawa umenewo magetsi anali atazima. Kometera tsitsi kumsika, komwe kuli jenereta, mzere unali wofika kumsewu. Ine ndinangoseka: munthu wokhala ndi magetsi akeake n'kuima pamzere? Ndinalowa m'minibasi ndi kagalasi ndi mashini yanga yometera.

Nditangoyatsa, mashini ija inakuwa ngati chigayo. Dzanja njenjenje. Munthu wanzeru akanazimitsa (ine ndinati ndi mphamvu zimenezo). Ndinaiika pamphumi n'kukankhira kumbuyo. Ndi kunjenjemera kuja kachipeso kakutsogolo kanagwa ine osaona, mashini n'kudya mpaka pakhungu. Ndisanafike pankhongo ndinamva fungo la waya wopsa, kautsi tolo, kenaka zii.

Amake Tisa anasuzumira pachitseko atavala kale zaukwati. Anandiyang'ana pamutu.

"Mwalambula msewu wa ku Chipata pamutu?"

"Ndivala chipewa."

"M'tchalitchi? Inu amene mumavula ana a eni zipewa pakhomo?"

Zoona, ndine mkulu wa mpingo, ndipo pankhani ya zipewa ndine wovuta. Panalibe kuchitira mwina. Anatenga lezala ndi sopo n'kundipala mutu wonse.

Chimene tonse tinaiwala m'chipwirikiticho n'chakuti kwathu munthu wamkulu sameta mpala popanda maliro. Pabwalo la tchalitchi ku Kabwata panali abale ochokera ku Katete, pakati pawo azakhali amene anandilera. Khungu la mutu wanga analiona komaliza pa maliro a bambo anga. Nditangotsika m'galimoto, anaponya chikwama pansi.

"Mayo ine! Watisiya ndani? Mwatibisira maliro chifukwa cha ukwati?"

Amayi awiri kumbuyo kwawo analandira kulira asanamve n'komwe dzina la womwalirayo. Akwaya anasiya nyimbo pakati. Nthawi yomweyo galimoto ya mkwatibwi inalowa pageti. Tisa ataona anthu akulira, ndipo mkwati sakuoneka (anali kale m'kati, wamoyo ndithu), anaganiza kuti wachita ngozi panjira. Mwana wanga analira zenizeni, zopakapaka zonse kuyenderera m'masaya. Apo mpamene zinandipweteka, abale, manyazi onse aja anachepa.

Ndinakwera pamasitepe n'kukweza manja. "Sikunafe munthu! Yafa ndi mashini yometera!"

Onse anandicheukira. Ndiyeno kumbuyo kwa gulu kunamveka mawu odekha a ba Mwape: "Modifaidi?"

Ndinavomera ndi mpala wanga.

Ukwati unachedwa theka la ola, azakhali akumwa madzi, anamwali akukonzanso nkhope ya Tisa. Inveta ija ikadalimo m'minibasi mpaka lero, poti babu imayatsa ndithu, ngakhale amake Tisa anakhomera mikisa yawo ya makeke m'kabati n'kubisa kiyi. Tsitsi linameranso. Chimene sichichoka ndi mawu amene Tisa anandinong'oneza tikuyenda pang'onopang'ono kupita kuguwa, atandigwira mkono, akumwetulira anthu:

"Adadi, ninakupemphani chintu chimozi chabe."