Matesiti Anga Odzichonga Okha

Mpaka lero ndikamva foni ya patebulo ikulira, ndimayamba kuyang'ana kothawira. Zonsezi zinayamba ndi ulesi, koma ulesi wanga unali wophunzira.

Ndinali pa miyezi itatu yoyesedwa ntchito pa kakampani kena kolemba mapulogalamu a kompyuta ku Woodlands. Akakhutira nane andilemba, apo ayi ndibwerere kukagona pabalaza pa achimwene ku Kabwata. Tinkalemba m'chinenero cha Clojure, momwe chilichonse ndi fankishoni: uipatsa kanthu, ikubwezera kanthu, basi (mabulaketi ake ndi ochuluka kuposa angawa). Ine anandipatsa pulogalamu ya sukulu ina ya ku Kabulonga. Izilandira malikisi a mwana, izione ngati wakhoza kapena walephera, kenako izitumiza uthenga pafoni ya kholo.

Ba Chanda, mayi amene ankatiyang'anira, anali ndi lamulo limodzi. "Fankishoni iliyonse uilembele matesiti, mwaice." (Mwaice ndi kamwana, ndiye ineyo.) Tesiti ndi kafunso kokhala ndi yankho lake: ndikaipatsa 90, inene kuti wakhoza. Ikanena zina, sikirini ifiira.

Nditalemba anayi ndinatopa, n'kuwasiya osawayendetsa n'komwe. Apo ndinakumbuka makro, kachidutswa ka pulogalamu kamene kamakulembera pulogalamu inzake iwe uli phee. Ndinapanga yoti malikisi alionse, kuyambira 0 mpaka 100, paphunziro lililonse, akhale ndi tesiti yake. Panatsala funso limodzi: mayankho oyenera achokera kuti? Ndilembe pamanja? Ine? Ndinangoiuza makroyo kuti yankho izifunsa fankishoni yomwe ikuyesedwayo. Ndinadzimva wanzeru zedi, moti masana amenewo ndinadzigulira chikanda n'kudya ngati bwana.

Matesiti mazana asanu ndi atatu ndi kanthu, onse obiriwira.

"Shani, matesiti yali bwanji?" anafunsa ba Chanda akudutsa.

"Yonse gilini!"

"Palibe olo imozi yamene yagwa?"

"Olo imozi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayesa ndi kusirira.

Lachisanu m'mawa tinakaionetsa kusukulu kuja. Malikisi a Giredi 9 anali atalowetsedwa kale pamodzi ndi manambala a makolo. A hedi, Mayi Tembo, anati tiyese kaye ndi foni yawo. Pakamwa panga (pamene padzandipha tsiku lina) panayankha ndisanaganize: "Osavutika, ba Hedi, yayesedwa kale. Titumize che zazoona." Ba Chanda asanatsegule pakamwa, ndinali nditadina. Mauthenga makumi anayi, ulendo.

Sipanapite mphindi zitatu, foni ya patebulo la a hedi inalira. Anali mayi a mtsikana wotsogola m'kalasimo, wa malikisi 92. Uthenga unawauza kuti mwana wawo walephera, abwereze kalasi. Amakhala pafupi, ndiye ankalankhula akuliza kale galimoto. Foni italira kachiwiri ndi kachitatu, ndinazindikira kuti kachizindikiro kofananitsira malikisi ndinakatembenuza. Okhoza onse anali atalephera, olephera onse atakhoza.

"Koma matesiti yanapasa," ndinatero ndi mawu a nkhuku yonyowa.

Ba Chanda anakoka kompyuta, nawerenga makro yanga kamodzi kokha. "Ba Hedi," anatero mofatsa, "uyu apatsa mwana mayeso, amupatsa na peni yofiila ati azichonge eka."

Chilango chinali choti makolo onse ndiwaimbire ndekha. Aja a ana okhoza anandikalipira, koma ankamaliza akuseka. Ovuta anali enawo. Womaliza anali bambo wina wa ku Chelstone, amene mwana wake anapeza 15. Anayankha foni akupuma mwachimwemwe, nati uthengawo autumiza kale kwa abale onse ku Kopabeti. Ndinawafotokozera zoona zake. Kenako anati, "Mwana wanga, sungaisiye che mwamene ilili mpaka Mande?"

Ndinamva chisoni kuposa manyazi, ndipo manyaziwo sanali ochepa.

Ntchito sanandichotse, anangondionjezera miyezi ina itatu yoyesedwa. Makro ndinaisunga, koma mayankho ndinalemba pamanja, khumi ndi awiri okha. Nditawayendetsa pa pulogalamu yolakwika ija, sikirini yonse inafiira, ndipo ndinaitana ba Chanda kuti adzaone kukongola kwake. Masiku ano tesiti imene sindinaionepo ikugwa sindiikhulupirira. Ndikaona zonse zabiriwira ulendo woyamba, ndimakumbuka bambo a ku Chelstone aja, amene ndinawapatsa mwana wanzeru kwa ola limodzi n'kuwalandanso.