Mtambo Umene Tinakoka ndi Loboti

Inu amene mukutsinzinirana maso kumbuyoko, sendererani kuno mudzanditsutse pafupi. Ine Zingalume Phiri wa kuno ku Mkaika ndinakokapo mtambo ndi chingwe, ndipo amene akuti n'zabodza akafunse mawondo angawa.

Chinali chaka chija mvula inadula mu Januwale, chimanga chitafika m'chiuno. A kopaletivu anali atatibweretsera loboti, osati ija yoimitsa magalimoto ku Lusaka, koma yoyenda ndi miyendo, yolankhula, yaitali ngati nkhokwe. Kulakwitsa kwake! Inabzala mtedza m'bwalo la mpira, inapalira maluwa a abusa n'kusiya udzu, ine inanditchula kuti "amayi" sabata yathunthu, mpaka anthu anagwirizana zokaiponya m'chigwembe. Ine ndinakana, chifukwa chimene waiwongola lero sinkachibwereza mawa, pomwe mlamu wanga takhala tikumuwongola chibadwire.

Mmawa wina akazi anga a Nabanda anaima m'munda, n'kufikisa tsamba la chimanga m'manja, linafumbutuka ngati fodya. Pamenepo ndinauza lobotiyo kuti, "Tiye tikatenge mvula."

Tinakwera phiri la Mphangwe mpaka pamwamba pomwe mphepo imanunkhira madzi, ndipo mitambo inali ikudya msipu mwakachetechete ngati ng'ombe zoyera zopanda mwini, ina itagona, ina ikunyambita ana ake, dziko lonse la Katete lili pansi pathu ngati chitenje choyanika. Mukumva? Lobotiyo inatambasula mkono, mkonowo n'kumangopita, n'kumangopita, mpaka inagwira kenakake n'kutsitsa. Inali nkhungu chabe.

"Ndaphonya, bambo. Woyenera ndi uti?" inafunsa.

Ndinailozera wakuda kumimba, wolemera bere, pakuti ine ng'ombe ndinakula nazo. Inaugwira, ine n'kuumanga khosi ndi chingwe cha ngolo, ulendo unayambika, iyo ikukoka, ine ndikuimba mluzu pambuyo, mtambo ukutitsata mwaulesi ndi mthunzi wake wozizira, achule akutuluka m'ming'alu kudzatiperekeza, akadzidzi akuyesa kwada, amayi a m'midzi akuthamangira kukaanula ufa.

Pamphambano ina tinasokera. M'malo mwa kwathu tinatulukira ku Vubwi, tinaponda Malawi ndi phazi limodzi, Mozambiki ndi linalo, ndipo a pamalire anasanthula mabuku awo onse osapeza tsamba lolembapo mtambo, n'kungotipempha kuti tiwadonthezere pang'ono pa mphika wa tiyi. Masiku atatu, abale! Mtambo unayamba kuwonda, nthiti kuonekera, ine mtima uli ku chimanga cha a Nabanda. Ndinavula chipewa, ndinauza lobotiyo kuti itsogole mmene ikudziwira, ndipo inatidutsitsa ku Sinda osaphonya ngakhale kanjira ka mbewa.

Titafika, iyo inagwira miyendo ya mtambo, ine ndinakwera pamapewa ake n'kuyamba kukama ndi manja awiriwa. Inagwa mvula yofewa, yonunkhira mkaka, chimanga chikudzuka tikuchiona, a Nabanda ataima pakati pa munda osafunda kanthu, akuseka ngati tsiku lija ndinawafunsira.

Atatha kuseka anafunsa kuti, "Nanga masiku atatu onsewa, anasokeretsa mnzake ndani?"

Pamphambano paja lobotiyo inanena kuti kumanja. Amene anakakamira kumanzere, n'kuikalipira kuti makina sangaphunzitse munthu njira ya kwawo, ndine. Koma poyankha a Nabanda, ndinaloza lobotiyo ndi chala. Iyo inangondiyang'ana, madzi akutsika pankhope yake yachitsulo.

Bodza langa ndi lomwelo basi, moyo wanga wonse. Zina zonsezi n'zoona.