Wa ku Dedza sauzidwa za chisanu

Nkhaniyi ndikaikumbukira mtima umandiwawabe, ndipo chonyansa kwambiri n'chakuti palibe wina woti ndimuloze chala.

Parishi yathu kuno ku Lobi ili paubale ndi parishi ina ya ku Jeremani. Chaka china mu Januwale anatiitana anthu awiri: ineyo, wapampando wa khonsolo ya parishi, ndi asisiteri ena ophunzitsa pasukulu yathu, kwawo ku Nsanje. Ntchito yanga inali imodzi yokha, kukawerenga uthenga wa moni wochokera kwa akhristu athu. Ndinauyeserera milungu itatu, mpaka nkhuku za pakhomo zinauloweza.

Tsiku lolongedza, mayi a kunyumba anatulukira ndi chijasi chimene anakasankha pakaunjika ku Linthipe.

"Abambo, akuti kumeneko kumazizira. Tengani ichi."

"Inu amayi, mukuuza ndani za kuzizira? Ine wobadwira kumapiri kuno, wosamba madzi a pachitsime m'mamawa mwezi wa Juni? Kapatseni asisiteri, a kotentha aja."

Ndinanyamula suti, tayi ndi kajuzi kamodzi. (Kajuziko ndinakatenga pongofuna mtendere m'nyumba.)

Tikutsika ndege, asisiteri anali atadzikulunga ngati belo la fodya, ine n'kumawaseka. Titangotuluka panja, mphepo inandiwaza mbama. Anthuni, chathu chija si chisanu ayi, n'kamphepo kayaziyazi. Kumeneko dzuwa limawala ndithu, koma ndi lokongoletsa chabe.

Amene anatisunga anali a Berta, mayi wachikulire wathupi lake. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa ngati ndili ndi chovala china chofunda.

"Musavutike," ndinatero, "kwathu n'kumapiri."

Asisiteri anangoyang'ana kumbali. Ndikanavomera bwanji iwo ali pomwepo?

Lamulungu linakwana. Ine chidaliro changa chinali choti m'tchalitchi muli zotenthetsera. Misa itatha, ansembe analengeza kuti uthenga wa alendo ukamvedwa panja, pamene anaimika mtanda wosema umene tinawatumizira. Panja! Pachipale chofewa, ine ndili ndi nsapato zanga zopyapyala! Kwaya inaimba nyimbo zitatu, ndime zonse osadumpha. Ansembe analankhula. Womasulira naye anaonjezera zake. Pofika nthawi yanga zala zinali zitachita dzanzi, mamina akutsika osandipempha, nsagwada zitauma gwa.

"Okondedwa a... a... a..."

Basi. Chimene chinamveka pachimkuzamawu ndi mano okhaokha akuombana.

A Berta sanafunsenso kachiwiri. Anavula chijasi chawo chapinki, chaubweya m'khosi, n'kundiveka anthu onse akuona, n'kumanga okha mabatani mpaka pachibwano. Asisiteri anasolola pepala m'manja mwanga mwaulemu wonse.

"Pumulani, atcheya," anandinong'oneza. "Ife a kotentha tiyeseko."

Anawerenga bwino kwabasi, anthu n'kuomba m'manja kwa nthawi yaitali. Ine ndili chilili pambali, ndikumva kufunda kokoma kochititsa manyazi. Kuwoloka nyanja zonsezo kuti ndikanjenjemere pagulu!

M'ndege pobwerera ndinakonza yankho langa: wondifunsa ndidzangoti uthenga unawerengedwa wonse, ndipo silikhala bodza. Koma chithunzi changa ndili m'chijasi chapinki chinali chitafika kale m'mafoni a parishi yonse. Ndikulowa m'nyumba, mayi a kunyumba anandilandira chikwama, n'kundipatsa moni atagwada bwinobwino.

"Mwayenda bwanji, abambo? Komatu pinki imakukhalani."

Ndinaphunzirapo kuti ukamapita kwa eni, uzimvera okuuza. Koma a ku Lilongwe okha asayerekeze kundiuza za kuzizira.