Tsiku Limene Banki Inandivula Usupavaiza

Mukadzabwera kwathu mudzaona kuti batani lina pafoni ya pabalaza ndi lomata ndi selotepi. Ndi batani lija la sipika, loti aliyense m'nyumba azimva zimene mukukambirana. Ana amaganiza kuti linawonongeka. Ndinalimata ndine, ndipo chifukwa chake ndikuuzani lero, bola musakafalitse kumudzi (ngakhale ndikudziwa kuti kumudziko zinafika kale).

Nkhani inayamba mwana wathu woyamba, Tadala, atangobadwa. Tinkakhala ku Oshawa, mzinda wina kuno ku dziko la azungu, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo apongozi anga anabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza mwana wawo m'chikuta. Amene munakulira kwathu kumudzi mukudziwa mwambo wake, mkamwini ndi apongozi sayankhulana maso ndi maso. Kumudzi zimatheka, ukawaona akubwera umangokhotera m'chimanga. Nanga m'kanyumba ka bafa limodzi, kunja kukuzizira koti makutu n'kuthothoka, ukhotera kuti? Ndiye tinkayankhulana kudzera mwa akazi anga. "Uwauze bambo a Tadala tiyi wapsa." Apongozi ali pampando uwu, ine ndili pampando uwo, uthenga ukuzungulira kukhitchini.

Tsono panali kankhani kena. Ku Dedza kunkadziwika kuti ine ndi supavaiza pafakitale yopanga mipando ya galimoto. Sindikudziwa amene anayambitsa bodza limeneli. Chabwino, ndinayambitsa ndine. Zoona zake ndinali waganyu wotumizidwa ndi ejensi yopezera anthu maganyu, ntchito yanga kulongedza masiponji m'makatoni. Apongozi atabwera, ndinkachoka m'mawa nditamanga tayi, ovolosi ndi nsapato zachitsulo zili m'chikwama, kukasinthira m'chimbudzi cha kufakitale. Akazi anga ankangopukusa mutu. Dziwaninso kuti apongoziwa anaphunzitsa Chingerezi kupulayimale mpaka kupuma, ndiye m'nyumba imeneyo munalibe chiyankhulo chobisaliramo.

Loweruka lina masana foni inalira, apongozi ali pomwepo akutonthoza mwana. Anali mtsikana wa ku banki kumene ndinali ndi khadi la ngongole. Anandipatsa moni mwaulemu, nafunsa za kunyumba, ngakhale dzina langa analitchula bwino, chinthu chimene abwana anga a kufakitale chinawakanika mpaka kalekale. Munthu wokupatsa moni chotero ungamudulire foni? Anati pali inshuwaransi ya pakhadi: ukadwala kapena ntchito ikatha, iwo azikulipirira ngongole. Ndinavomera. Zimene tinakambirana zenizeni ndinaziiwala tsiku lomwelo, chimene ndinkakumbukira n'chakuti ndinayankhula Chingerezi chapamwamba apongozi akumva.

Kuyambira pamenepo mwezi ulionse ankadula kandalama. Ine pepala la ku banki likabwera ndinkangoyang'ana nambala ya pansi, n'kutukwana, n'kulipira.

Zaka zingapo zinadutsa. Kenako kunabwera chaka chija mafakitale a galimoto anayamba kutsokomola, ndipo oyamba kupirikitsidwa tinali ife aganyu. Ngati tsoka lachita kupangana, akazi anga anali atangochira mwana wachiwiri, apongozi abweranso, ndipo tikiti yawo ya ndege inali itakhala phwii pakhadi lomwe lija. Ndinawatumizira uthenga (kudzera njira yathu ija) kuti masupavaiza tapatsidwa tchuthi chachitali. Apongozi anayankha kuti, "Uwauze apume bwino."

Ndipamene ndinakumbukira inshuwaransi. Ndinadumpha ndi chimwemwe, anthu inu! Ndinatenga kalata ya ku ejensi yonena kuti ntchito yatha, n'kutumiza. Yankho linabwera lalifupi: pepani, inshuwaransi iyi imathandiza okhawo a ntchito yokhazikika, aganyu ayi.

Aganyu ayi? Nanga ndalama za waganyu zija munkalandira bwanji zaka zonsezi? Zinkakuwawani m'manja? Ndinaimba foni ku banki, akuti imbani kukampani ya inshuwaransi. Kukampani akuti ife sitinakugulitseni, imbani ku banki. Ku banki anandiikira nyimbo ya piyano mpaka khutu linachita dzanzi, kenako foni inaduka yokha. Ndinaimbanso, nyimbo yomweyo. Ine ndikamva piyano mpaka lero mtima umandithamanga.

Amene anandiwongola ndi mnzanga Jafali, woyendetsa takisi ku Mississauga, yemwe zoterezi zinamuchitikirapo. Anati, "Achimwene, musamangokalipira ana a pafoni, sangakuthandizeni. Banki iliyonse ili ndi ofesi ya madandaulo. Mukawauze ziwiri basi. Choyamba, anakugulitsani chinthu choti inu simukanapindula nacho. Chachiwiri, kodi anakuuzani kuti mukhoza kukana? Ngati sanakuuzeni, mlandu ndi wawo."

Ndinalemba dandaulo lamoto. Ndinalemba kuti sanandifunse n'komwe za ntchito yanga, kuti ndi akuba ovala masuti, kuti ndikafika nawo mpaka kumapeto. Patapita masabata angapo anandiuza tsiku limene mayi wa ku ofesi ya madandaulo adzandiimbire.

Apa ndiye pamene mzimu wa uchitsiru unandilowa. Munthu wanzeru akanatenga foni ya m'manja n'kukayankhira m'galimoto. Ine ayi. Ndinafuna apongozi amve mkamwini wawo akugwedeza banki ya azungu. Ndinawauza akazi anga kuti, "Muwauze amayi kuti banki yakhala ikundibera, lero aone mmene timachitira kuno." Akazi anga anandinong'oneza, "Bambo a Tadala, mwaganiza bwino?" Ine ndinati, "Khalani pansi muphunzire." Foni italira ndinadina batani lija.

Ndinayamba bwino, osanama. Ndinaimirira, dzanja lina m'thumba. Ndinanena za chilungamo, za thukuta la munthu, ndinatchulako ngakhale maloya amene ndilibe. Mayi uja anandimvetsera mpaka ndinatha mpweya, kenako anati, "Zikomo bambo. Mwamwayi, foni zimenezi timazijambula. Tepi ya tsiku lija tayipeza. Tiyeni timvetsere limodzi."

Tepi? Palibe anandiuza za tepi. (Jafali akuti ananena, ine ndikukana mpaka lero.)

Mawu a mtsikana uja anamveka pabalaza ponse: "Bambo, kodi ntchito yanu ndi yokhazikika?"

Kenako kunamveka mawu a munthu wina wonenepa pakhosi ngati nduna ikutsegulira mlatho. Anali ine. "Yokhazikika kwambiri, mwanawe. Ine ndi supavaiza. Pansi panga pali anthu ambirimbiri."

Za anthu ambirimbiriwo mtsikanayo sanafunse n'komwe. Ndinangomuonjezera ngati basera.

Mayi uja anaimitsa tepi. "Bambo, mu dandaulo lanu mwati sitinakufunseni za ntchito. Mwamva kuti tinafunsa. Komanso kalata ya ku ejensi imene munatitumizira ikuti munali waganyu wolongedza masiponji, ndipo ntchitoyo inatha miyezi yapitayo. Zoona ndi ziti?"

Akazi anga anayamba kuyang'anitsitsa chala cha mwana ngati akuchiona koyamba. Ine thukuta kamukamu, m'nyengo yozizira. Ndinalakalaka munda wa chimanga uja woti ndikhoteremo. Dzanja langa linayamba kukwawira kubatani.

"Uwauze bambo a Tadala asakhudze batanilo," anatero apongozi, maso ali pakhoma. "Uwauzenso awauze mayiwo kuti tepiyo sinathe. Ine ndinalipo tsiku limenelo."

Akazi anga anabwereza. Ine, ndi kamawu kang'ono ngati ka mwana wogwidwa ndi shuga pakamwa, ndinapempha mayi uja kuti apitirize.

Tepi inayambanso. Mtsikana akufotokoza, supavaiza akuvomera chilichonse. Kenako chapatali kunamveka mawu a Chichewa, mawu a apongozi: "Uwauze afunse ngati zinthuzo n'zokakamiza." Kenako mawu a akazi anga: "Akuti mufunse ngati n'zokakamiza." Kenako supavaiza, monyinyirika, akufunsa mu Chingerezi. Ndipo mtsikana uja anayankha momveka bwino: "Inde bambo, aliyense wokhala ndi khadi ili ayenera kukhala nayo. Mukakana, khadi likhoza kutsekedwa."

Tsopano manyazi anagwira mayi wa ku banki. Anatsokomola pang'ono. "Zimenezo sanayenera kunena," anatero. "Inshuwaransi iyi munthu amasankha yekha, ndipo kukana sikutseketsa khadi." Anati ndalama zonse zimene anandidula zaka zija azibweza. Koma zondilipirira ngongole chifukwa ntchito yatha, zimenezo ndiiwale, pakuti waganyu sanali woyenera kuigula n'komwe. Anamaliza ndi kuti, "Ndipo bambo, ulendo wina mukafunsidwa za ntchito, muzingonena mmene zilili." Kulangizidwa ndi banki pamaso pa apongozi! Ndinangoti zikomo.

Foni itaduka ndinakhala pansi. Mlandu ndinali nditawina, koma sindinaonepo munthu wowina womvetsa chisoni ngati ine tsiku limenelo. Ndinayang'ana kapeti nthawi yaitali, kenako ndinati kwa akazi anga, "Muwauze amayi kuti ndapepesa. Ndinawanamiza."

Apongozi anakonza mpango wawo. "Uwauze kuti sananamize munthu. Ulendo woyamba uja, pakhomo apa ndinkasesa ndine. Tsiku lililonse akabwera ku ntchito ndinkasesa tizidutswa ta siponji. Ndinati supavaiza ameneyu amagubuduzika m'makatoni kapena?"

Akazi anga analuma mlomo kuti asaseke. Apongozi anali asanamalize.

"Uwauze kuti mwamuna wodzuka m'chisanu chimenechi kukagwira ganyu kuti adzukulu anga adye, ine sindichita naye manyazi, ngakhale pamaso pa mfumu. Koma mwamuna wogula inshuwaransi kuti ine ndimve Chingerezi chake, ameneyo akufunika mapemphero."

Akazi anga anatembenukira kwa ine. "Mwamva, kapena ndibwereze?"

Ndinati ndamva. Kunena zoona misozi inalengeza, chifukwa zaka zonsezo ndinkavutika ndi tayi m'chimbudzi cha fakitale pobisira munthu amene ankadziwa kale, ndipo sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi.

Ndalama zinabweradi, zinachepetsako ngongole ya tikiti ija. Patapita nthawi ndinapeza ntchito ina ku Mississauga, yoyendetsa kagalimoto konyamula katundu m'nyumba yosungira katundu. Masiku ano wa ku banki akaimba ndimafunsa kaye ngati n'zokakamiza asanamalize n'komwe moni. Apongozi anabwerera ku Dedza, ndipo akaimba foni amamaliza ndi kuti, "Upereke moni kwa a Supavaiza."

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma mwezi wathawu msuweni wanga wina anaimba kuchokera kumudzi, nafunsa kuti tsopano ndikugwira ntchito yanji. Ndinayang'ana uku ndi uku, pabalaza panalibe munthu, batani lili lomata. Ndinamuuza motsitsa mawu kuti ndikuyang'anira za mtengatenga pakampani ina yaikulu.

Lamlungu lotsatira apongozi anaimba. Atacheza ndi mwana wawo, ndinamva akazi anga akuseka mpaka kugwira khoma. Anatseka foni ndi dzanja n'kundiyang'ana.

"Akuti ndipereke moni kwa a Manejala. Akutinso mapemphero aja akupitiriza."